Batire la Lole Limene Silinkatha Moto

Magetsi apitanso? Asiyeni apite. Sendezani mipando kuno kufupi ndi mbaula, wina azitembenuza chimangacho chingapserere. Inu mumandidziwa ine Yotamu kuti ndine munthu wa mawaya. Ndakwera madenga ambiri mu Blantyre muno, ndipo magetsi andigwirapo katatu koma ndidakali moyo. Komabe pali ntchito imodzi imene ndinaigwira ndi manja angawa, imene mpaka lero sindinaimvetse. Inachitikira mlongo wanga Sigele, ku Machinjiri, dzinja lija mvula inkagwa ngati kumwamba kwabooka.

Sigele ndi namwino. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito usana pa kachipatala kena, madzulo n'kumaphunzira uzamba pa intaneti ndi sukulu ina ya ku Lilongwe. Zaka ziwiri anakhala akulimbana nazo, mabuku mbwee pa mphasa, laputopu pamiyendo. Zolemba zonse anakhoza. Kunangotsala mayeso amodzi a pakamwa, oti mphunzitsi wake, Sisita Nkhwazi, azimufunsa mafunso akuonana pa vidiyo. Ulendo woyamba, atangoyankha funso limodzi, magetsi phethi! Rauta ija, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba, inazima pomwepo. Ulendo wachiwiri magetsi anapita asanapatsane n'komwe moni. Foni ikanathandiza, koma nyumba yake ili m'chigwa, netiweki imagwira pokhapokha pa mlongoti wa rauta umene ndinamumangira padenga.

Anandiimbira akulira. "Achimwene, andipatsa mwayi womaliza. Lachisanu la pa sabata zitatu, sikisi koloko madzulo. Akadzathimanso basi, ndibwereza chaka chonse."

"Pukuta misozi," ndinatero ine. "Uli ndi mchimwene wa mawaya iwe. Rauta imadya moto wochepa ngati mwana wa nkhunda. Tipeze batire, inveta yosandutsa moto wa batire kukhala wa m'nyumba ndili nayo kale, tchaja ndili nayo. Amagetsiwo azizimitsa mmene angafunire."

M'mawa mwake ndinapita ku Ndirande kwa ogulitsa zitsulo zakale. Kuseri kwa mulu wa matayala ndinaona batire la lole, lalikulu, lakuda, lopukutidwa bwino ngati wina amalisamalira. Nditaika mita yanga yoyezera moto, muvi unathamangira kumapeto. Lodzaza. Mwini malo, mkulu wina wa diso limodzi, sanafune n'komwe kukambirana mtengo. Anangoti, "Perekani chimene muli nacho, koma mulichotse pano lero lomwe." Ine ndinaseka mumtima, n'kumati lero ndadzukira kumanja.

Tinalinyamula anthu atatu kuliika pa kabaza wa njinga yamoto. Tili pa chitunda cha ku Machinjiri njinga inayamba kulira ngati mbuzi yokokedwa. Woyendetsa anacheuka kawiri, kenaka anati, "Bwana, kodi kumbuyoko mwakwera angati?"

"Ndili ndekha ndi katunduyu."

"Hmm," anatero, n'kupitiriza kukwera chitundacho.

Tsiku limenelo ndinalumikiza zonse pakona ya pabalaza. Batire pa thabwa, inveta pakhoma, rauta pamwamba pa kabati, soketi ya laputopu, ndi babu limodzi la waya wautali loti munthu n'kulinyamula kupita nalo kuchipinda. Tinakhala pansi kudikira. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, tinkafuna magetsi athime! Itakwana faifi koloko, wailesi ya oyandikana nawo inaduka pakati pa nyimbo, ana kunja n'kukuwa kuti, "Apitaaa!" Ife maso pa kabati. Timagetsi ta rauta tinangoti phethiphethi kamodzi, n'kupitiriza kuwala mobiriwira.

Sigele analumpha ngati kamtsikana. Anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuvina pakati pa balaza, akuimba dzina langa. Phokosolo linakoka aNachisale, eni nyumbazo, mayi wonenepa wamawu aakulu amene amakhala nyumba yakutsogolo mumpanda womwewo. Anasuzumira pakhomo n'kuona babu likuyaka dera lonse lili mu mdima.

"Iii, aSigele! Mwayamba kukhwima kodi?"

"Si kukhwima amayi, ndi sayansi ya achimwene. Bweretsani foni yanu muyankhule ndi mwana wanu wa ku Joni."

Madzulo amenewo aNachisale anaona nkhope ya mdzukulu wawo koyamba. Analira, anaseka, anapsompsona foni mpaka galasi linachita mafuta. Pasanathe masiku atatu mbiri inali itawanda mzere wonse. Magetsi akangopita, khonde la Sigele linkadzaza ngati msika wa Lachiwiri. Wina akuonera mpira, wina akutumiza zithunzi za madiresi kwa makasitomala, ena akutchaja mafoni pa soketi imene ndinawatulutsira pawindo. Ankasonkherana okha za bandulo, wina kubwera ndi mtedza, wina mbatata yootcha. Sigele analemba pasiwedi pa kapepala n'kukamata kuseri kwa chitseko. Ine ndinkapitako pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa kumeneko ndinali ngati nduna. Ndikamalowa pa geti amayi ankandiimbira nthungululu.

Koma zachilendo zinayamba, ndipo choyamba chinali fungo. Dzuwa likamalowa, pabalaza pankamveka dizilo, osati wambiri, koma ngati munthu wagalimoto wangodutsa pafupi nawe. Ndinanunkhiza batire, ndinalipukuta ndi sopo. Fungo linkabwerabe pa nthawi yake, n'kuchoka lokha.

Kenaka kaphokoso. Sigele ndiye anayamba kukamva akuwerenga. Thi, thi, thi, thi, monga imachitira indiketa galimoto ikafuna kukhota. Ndinamuuza kuti ndi inveta ikuzizira. Koma tsiku lina ndinakamva ndekha, ndipo nditaika khutu pa inveta munali zii. Kaphokosoko kankachokera pansi, m'batire, ndipo kuseri kwake kunali kulira kwina kwapansipansi, ngati injini yaikulu yoimitsidwa patali koma yosazimitsidwa.

Sabata yachiwiri kapu ya Sigele inasowa, kapu yachitsulo yofiira imene ankamwera tiyi. Anaifuna m'khichini, pansi pa bedi, mpaka anafunsa a pakhonde. Mawa lake anaipeza ili bwinobwino pamwamba pa batire, m'kati muli masamba a tiyi pansi. Ataigwira inali yofunda. Tsiku lotsatira kapepala ka pasiwedi kanachoka kuseri kwa chitseko, selotepi yokha n'kutsala.

"Ndi anthu a pakhondewa," ndinatero. "Ukaweta nkhuku zambiri usadabwe zitosi."

Sigele anavomera. Koma titatsala atatu aNachisale anatsitsa mawu, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Ana inu, dzana ndikutseka geti chakumadzulo ndinapeza bambo ataima pamsewu. Wamtali, atavala jekete lalikulu kutentha konse kuja. Anandipatsa moni waulemu ndithu. Akuti, 'Mayi, pano ndi pamene pakugwira netiweki?' Ine ndinati eya, lowani. Ndinatembenuka kuti ndikankhe geti, pocheuka msewu uli mbee, kulibe munthu uku ndi uku."

"Nkhope yake inali yotani?" anafunsa Sigele.

ANachisale anapukusa mutu. "Mukudziwa, ndinamuyang'ana ndithu. Koma ndikati ndiikumbuke, ikungondithawa."

Ine ndinaseka mokweza kuposa mmene nkhaniyo inkafunira. Koma mawa lake ndinatsegula tsamba la rauta pa laputopu, pamene pamaonetsa mafoni onse amene alumikizidwa. Ndinawerenga anthu pakhonde, analipo khumi ndi mmodzi pamodzi ndi ife. Pa tsamba panali mafoni khumi ndi awiri. Ya pansi penipeni inali ndi dzina: Gelesomu.

Ndinatuluka. "Gelesomu ndani pano?"

Anthu anayang'anana. Panalibe.

"Ndi wakuba intaneti ameneyo, ali kuseri kwa mpanda," anatero wina, ndipo anyamata awiri anathamanga kukazungulira ndi tochi, akuseka. Anapeza chimanga chokha chikugwedezeka. Ndinasintha pasiwedi, ndinaika yaitali yosakaniza manambala, ndipo sindinailembe paliponse. Ndinailowetsa ndekha m'foni ya munthu aliyense. Nditamaliza ndinabwerera pa laputopu. Dzina lija linali litabwerera kale pamalo pake.

Choopsa kwambiri chinachitika Lachitatu la sabata ya mayeso. Magetsi atabwera masana ndinati ndione ngati tchaja ikudzaza bwino batire. Kagetsi ka tchaja sikankayaka. Nditaitsegula ndinapeza fyuzi yopsa, yakuda, yochita dzimbiri kale. Inapsa tsiku loyamba lomwe. Ndiye kuti masiku khumi ndi asanu ndi anayi batire lija linkayatsa rauta, laputopu, babu ndi mafoni a mzere wonse popanda kulandira moto ngakhale dontho. Ndinaika mita. Muvi unathamangira kumapeto, monga tsiku lija ku Ndirande.

Ndinakwera minibasi nthawi yomweyo kubwerera kwa mkulu wa diso limodzi. Atangondiona anaimika dzanja.

"Silibwerera pano."

"Sindinabwere nalo. Ndiuzeni kumene linachokera."

Anayang'ana uku ndi uku. "Lole ina inagwera kuphompho pa msewu wa ku Mwanza mwezi wa Seputembala, usiku. Zonse zinaphwanyika, mutu wa lole unapindika ngati chitini. Batire lokha linapezeka lili chilili pa mwala, lopanda ndi kukalika komwe. Inu ndinu wachinayi kulitenga. Atatu onse analibweza okha, osafunsa n'komwe ndalama zawo."

"Nanga dalaivala?"

"Bambo, ine ndimagula zitsulo. Za anthu sindifunsa."

Ndinafika kwa Sigele thukuta lili kamukamu, n'kumuuza zonse. Ndinati tilichotse lero, ndikabwereke lina. Iye anayang'ana pakona paja, kenaka anapukusa mutu.

"Achimwene, lobwerekalo mulipeza kuti pofika mkuja, loti silindichititsa manyazi? Ili lakhala nane masabata atatu. Silinandipweteke. Langomwa tiyi wanga basi." Anaseka pang'ono, maso ali ndi mantha ndi chimwemwe pamodzi. "Kaya ndi la mfiti kaya ndi la mngelo, Lachisanu lidutse kaye."

Lachisanu magetsi anapita mbandakucha osabweranso. Mvula inayamba masana, ya mphepo, yosalekeza. Pakhonde panalibe munthu, aliyense anauzidwa kuti lero intaneti ndi ya mayeso. Sigele anasita yunifolomu yake ndi simbi yamakala, anaika laputopu pa tebulo, aNachisale n'kumupempherera mokweza mpaka malata kunjenjemera. Tonse mitima inali m'mwamba ngati tsiku la ukwati. Itadutsa faifi koloko tinamva kugogoda pa geti.

Ndinatuluka ndi ambulera. Panja panaima mayi wachitsikana, atanyowa chonyowa, chikwama chaching'ono m'manja, foni ataikulunga m'pepala la pulasitiki. Anali woyembekezera, ndipo aliyense akanaona kuti masiku ake atha.

"Pepani bambo," anatero akunjenjemera. "Sindikudziwa kuti ndifunse bwanji. Ine ndine Felista, ndachokera kupitirira Lirangwe. Ndauzidwa kuti ndibwere pa nyumba ino."

Tinamulowetsa. Sigele anamupatsa chitenje chouma, aNachisale tiyi. Atapuma anatulutsa foni n'kuiika pa tebulo.

"Amuna anga anamwalira pa ngozi ya lole mu Seputembala. Tinaika maliro. Foni yawo sinapezeke. Koma masabata atatu apitawa, madzulo aliwonse nambala yawo imaonetsa kuti ali pa intaneti. Poyamba ndinati wina anaitola. Kenaka anayamba kunditumizira mauthenga a mawu. Tamverani."

Anadina. M'fonimo simunali mawu a munthu. Munali kulira kwa injini chapansipansi, ndi kaphokoso kaja: thi, thi, thi, thi. ANachisale anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana Sigele.

"Lero m'mawa kwabwera ichi." Anationetsa mapu, kadontho kofiira kali ndendende pa nyumba ya Sigele. Pansi pake panali mawu awiri okha: Nyamuka lero. "Amayi anga anandiletsa, akuti ndapenga. Koma umu ndi mmene ankalembera iwo, mawu awiri basi, ngati akulipira chilembo chilichonse. Ndawoloka mtsinje wa kwathu madzi ali m'mawondo. Anthu a m'minibasi akuti pano wadzaza, sukuwolokekanso."

"Amuna anuwo dzina lawo anali ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkalidziwa kale yankho.

"Gelesomu. Gelesomu Makwinja."

Palibe anayang'ana pakona paja. Tonse tinkayesetsa kusayang'anapo. Nthawi yomweyo laputopu inalira, sikisi koloko yakwana. Sigele anapukuta nkhope, anakonza kolala, n'kudina. Nkhope ya Sisita Nkhwazi inaoneka, mayi wa imvi ndi magalasi, wosaseka wamba.

"Lero muli ndi magetsi, a Sigele?"

"Lero sazima, Sisita."

Anayankha funso loyamba bwinobwino, lachiwiri chimodzimodzi. Ine ndi aNachisale tinkagwedezerana mitu pakhomo la khichini. Funso lachitatu lili pakati, Felista anabuula, n'kugwira m'mphepete mwa mpando. Pansi panayenderera madzi.

"Nsupa yasweka!" anakuwa aNachisale. "AYotamu, galimoto! Thamangani!"

Ndinatuluka wopanda ndi ambulera yomwe. Msewu wa m'chigwa unali utasanduka mtsinje wa matope. Ndinagogoda kwa bambo wina wa takisi, anati galimoto yake singakwere chitunda chimenecho. Wina anali ataledzera. Akabaza onse anali atabisala. Ndinathamanga mpaka ku msewu wa tala, nsapato imodzi n'kutsala m'matope, ndikuimika galimoto iliyonse yodutsa. Kumeneko ndinatha maola awiri athunthu. Choncho zimene zinachitika m'nyumba sindinazione ndi maso anga. Ndikuuzani monga anandiuzira Sigele ndi aNachisale, aliyense payekha, ndipo mawu awo sanasiyane.

Sigele anauza mphunzitsi wake kuti mayeso aime, m'nyumba muli mayi amene matenda ayamba. Sisita Nkhwazi anavula magalasi n'kuwavalanso.

"Aime chifukwa chiyani? Nyamulani laputopuyo mupite nayo kuchipinda. Mayeso anu ndi amenewo."

Anamugoneka Felista pa matiresi pansi. Laputopu anaiika pa mpando, kuyang'ana kwa wodwala ndi kukhomo. ANachisale anawiritsa madzi pa mbaula, Sigele anatulutsa magolovesi, lezala latsopano ndi ulusi m'kachikwama kake ka kuntchito. Babu la waya wautali lija analikoleka pa msomali wa pakhomo la chipinda, pamene panali katani m'malo mwa chitseko. Zinthu zinayenda mofulumira kuposa mmene mwana woyamba amabwerera. Sisita ankafunsa, Sigele ankayankha manja ali pa ntchito, aNachisale atagwira mapewa a Felista kumutu, akumulimbitsa mtima ndi mawu awo aakulu aja.

Mutu utangoyamba kuoneka, mphepo inawomba zenera, katani inakupiza, msomali n'kuzuka. Babu linagwera pansi kuseri kwa katani. Silinasweke, koma kuchipinda kunada.

"Sindikuona!" anakuwa Sigele. "Amayi, nyali!"

"Ndikamusiya agwa uyu!" anayankha aNachisale.

Pamenepo kuwala kunadzuka kokha kuchokera pansi. Kunakwera pang'onopang'ono, katani inapatuka pang'ono, ndipo mkono unalowa utagwira babu, n'kuima pamwamba pa phewa la Sigele, pamalo penipeni pofunika. Kunamveka fungo la dizilo ndi mvula.

"Mwabwera achimwene?" anatero Sigele osacheuka. "Musalowe, ingoimani pomwepo. Tsitsani pang'ono. Eya, pamenepo. Musagwedeze."

Mkono sunagwedezeke.

"Mchombo wazungulira khosi," anatero Sigele, mawu ali phee ngati si iye.

"Mukudziwa chochita," anatero Sisita Nkhwazi. "Chitani."

Analowetsa chala, anaumasula, anauzembetsa pamutu. Kamphindi kena mwana anatuluka, wamkazi, koma ali lobodo, wotuwa, wosalira. ANachisale anayamba kutchula mayina onse a Mulungu amene amawadziwa. Sigele anamupukuta mwanayo ndi nsalu mwamphamvu, anamutsegula kukamwa, anamusisita kumsana. Zii. Anamugoneka chagada, anaika pakamwa pake pa kamphuno ndi kakamwa, n'kupuma pang'ono, kamodzi, kawiri, katatu, Sisita akuwerenga naye. Kuwala kunasendera kokha pafupi, ngati wogwirayo wawerama kuti aone. Felista sankayang'ana mwana. Maso ake anali pa katani, milomo ikuyenda, koma chimene ankanena palibe anachimva.

Pa mpweya wachisanu kamwendo kanakankha. Kenaka kulira, kwakung'ono poyamba ngati kamphaka, kenaka kwaukali kodzaza nyumba yonse. ANachisale anaimba nthungululu imene anthu anaimva mpaka kutsidya kwa chigwa. Sisita Nkhwazi, mayi wosaseka uja, ankawomba m'manja pa galasi la laputopu. Sigele anamanga mchombo, anadula, anaika mwana pachifuwa cha mayi wake, n'kumaliza zonse zotsalira mosathamanga. Atangonena kuti, "Basi, wachira," babu linatsika pang'onopang'ono mpaka kukhudza simenti, n'kuzima. Rauta inazimanso. Nkhope ya Sisita inauma pa galasi.

Ine ndinafika cha m'ma eyiti koloko ndi kapikapu ka bambo wina wachifundo wonyamula makala. Ndinapeza nyumba ili mu mdima, kandulo imodzi ikuyaka kuchipinda, mwana akulira, amayi a mzere wonse atadzaza pakhonde ndi maambulera, akuvina m'matope. Tinawanyamula mayi ndi mwana kupita nawo kuchipatala, ndipo anamwino a kumeneko atawayeza anati onse ali bwino, amene wachiritsa mayiyu amadziwa ntchito yake.

Kutacha tinakhala pa benchi panja pa wodi, ine ndi Sigele, tikumwa tiyi wa m'fulasiki. Anatsamira phewa langa.

"Achimwene, ndinkakuyesani wamantha. Koma dzulo mwandigwirira nyali ngati munthu wozolowera. Mukanagwedeza pang'ono pokha mchombo uja sindikanauona."

Ndinaika kapu pansi. "Nyali iti?"

"Babu lija, litagwa."

"Sigele, ine ndinachoka nsupa itangosweka. Ndabwera ndi galimoto ija. Funsa mwini galimoto, funsa mapazi angawa."

Anayang'ana phazi langa lopanda nsapato, lodzaza matope ouma. Anayang'ana nkhope yanga kufuna kuona ngati ndikuseka. Kenaka foni yake inalira, uthenga wochokera kwa Sisita Nkhwazi. Anauwerenga, n'kundipatsira. Unkati wakhoza, ndipo pa zaka zonse zimene akhala akuyesa ophunzira sanaonepo mayeso otere. Kumapeto anawonjezera kuti: Mundithokozere bambo wamtali wa jekete amene anaima kuseri kwa katani. Nkhope sindinaione bwino, koma mwana atalira ndinaona akupukuta m'maso ndi dzanja linalo.

Masana amenewo ndinapita ndekha kukaona batire. Mita sinasunthe n'komwe. Nditatsegula zotsekera zake ndinapeza m'kati mouma gwa, mbale zake zitafumbutuka ngati dothi la chiswe. Aliyense wodziwa ntchitoyi angakuuzeni kuti batire lotero linafa miyezi yambiri kumbuyoko, silingayatse ngakhale tochi. Ndinakagula lina latsopano sabata yotsatira, la m'sitolo, lokhala ndi pepala lake, ndipo limatha moto monga mabatire onse a anthu.

Felista anakhala kwa Sigele masabata awiri kudikira kuti mtsinje wa kwawo uphwe. ANachisale anamutenga ngati mwana wawo, kumuphikira phala la mtedza ndi kukalipira aliyense woyankhula mokweza mwana akagona. Masiku onsewo palibe anamufunsa za usiku uja. Nambala ya mwamuna wake sinaonekenso pa intaneti, ndipo iye anasiya kuiyang'ana.

Tsiku lonyamuka anapempha chinthu chimodzi, batire lakufalo. Anati akaliika kumene anagona mwini wake. Ndinalimanga m'thumba n'kulikweza m'galimoto imene abale ake anabwera nayo. Atakhala pampando, mwana ali pamiyendo, Sigele anawerama pawindo. Anali atadziletsa masabata awiri, koma apa analephera.

"Achemwali, ndikhululukireni. Inu munali mutayang'ana kukhomo nthawi yonse ija. Munamuona?"

Felista anakonza kachipewa ka mwana, n'kumwetulira pang'ono.

"Nkhope ayi, inali kuseri kwa katani. Ndinaona mkono wokha." Anasisita kamutu ka mwana. "Koma anamwino, mkono umene wautsamira zaka zisanu ndi chimodzi sufunsa kuti ndi wa yani."

Galimoto inanyamuka, ife tinatsala titaima pa geti mpaka inakhota pa chitunda. Yanga ndi imeneyo, ndaitula monga ndinaisenzera.